Kukaoda katundu ku Kariakoo kuchokera ku Salima

Wambiri mwa katundu wakunja amene mumamuona atayalidwa pa Kamuzu Road, kaya zitenje, nsapato, madira, zikwama za amayi, mawigi, mafulasiki ngakhale tinyale ta sola, anayamba wadutsa ku Kariakoo asanafike kuno. Kariakoo ndi dera la malonda lomwe lili pakatikati pa mzinda wa Dar es Salaam ku Tanzania, kuja timangoti ku Taifa. Sitima zikuluzikulu zimatsitsa makontena padoko la Dar kuchokera ku China, Dubai, India ndi Turkey, katunduyo n'kulowa m'masitolo a ku Kariakoo, ndipo kumeneko n'komwe amalonda a ku Congo, Zambia, Burundi, Rwanda ndi ife a ku Malawi timakapikula. Chinyumba cha msika chenichenicho chinatsegulidwa mu 1975 ndipo chinapsa ndi moto mu Julayi 2021, koma wamalonda akati akupita ku Kariakoo amanena misewu yonse yozungulira chinyumbacho, momwe nyumba zosanja zili ndi mashopu pansi, ena kunsi kwa nthaka, ndi zipinda zosungiramo katundu m'mwamba.

Ndikulembera inu amene mwakhala mukuoda ku Lilongwe, ku Malangalanga kapena ku Tsoka, ndipo mtima wayamba kukuuzani kuti mukadzitengere nokha kugwero. Maganizo amenewo ndi abwino, ndipo ndikufuna mupite. Chimene chimandiwawa n'kuona munthu atakongola ku banki m'khonde, wapita, wabwera ndi mabelo, koma pomatha miyezi itatu pabenchi pali mbee, ngongole ili chikhalire. Nthawi zambiri munthu wotere sanaberedwe. Anangokhulupirira mtengo umene anaumva m'shopu ku Dar, kuiwala kuti mtengo weniweni wa katundu ndi umene wafika nawo pabenchi pano pa Salima, atadya ya basi, ya malo ogona, ya onyamula ndi ya msonkho.

Yambani ndi kope

Kwa mwezi umodzi kapena iwiri musananyamuke, lembani chilichonse chimene kasitomala wafunsa inu mulibe. Lembani saizi, mtundu, ndi ndalama imene iye anati angapereke. Kope limeneli ndi limene lidzakugwireni dzanja mukadzaima pakati pa zinthu zonyezimira zimene simunazionepo.

Salima ili ndi nyengo zake za ndalama, ndipo ulendo wanu uyenera kugwa patsogolo pa nyengozo. Mpunga wa ku Lifuwu ukakololedwa, thonje n'kugulidwa, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, anthu a kumudzi amabwera kudzafuna mapoto, zitenje ndi nsapato za ana. Usipa ukagwa bwino ku Senga Bay kapena ku Chikombe, anyamata a kunyanja amafuna mafoni, masipika ndi matochi. Eid ikamayandikira, madira, mahijabu ndi mikanjo zimatha ngakhale mutakweza pang'ono. Mu Seputembala sukulu zikamatsegulidwa ndi nthawi ya zikwama, masokosi ndi nsapato zakuda. Koma katundu wofika mu Januwale kapena Febuluwale amagona, chifukwa ndalama yonse ili kuchimanga ndi kumunda. Musaiwalenso kutentha kwathu. Majekete okhuthala amene amayenda malonda ku Dedza, kuno amangosonkhanitsa fumbi kupatula masabata ochepa a mwera.

Ngati mumagulitsa zitenje, ganizirani za zinkhoswe, maukwati ndi magulu a amayi a kumpingo. Iwowa amafuna chitenje chimodzimodzi anthu makumi awiri kapena atatu. Wopikula amene anatenga mapisi awiriawiri a maluwa osiyanasiyana amangoyang'ana oda yotereyi ikupita kwa mnzake.

Ulendo woyamba sankhani mitundu iwiri kapena itatu ya katundu basi, imene mumaidziwa bwino kukhudza kwake ndi mtengo wake.

Masamu amene amanena ngati mupite kapena ayi

Nambala izi n'zongoyerekezera, inu muikemo zanu. Tinene kuti ulendo wonse, basi popita ndi pobwera, malo ogona, chakudya, mabajaji ndi onyamula katundu, wadya K600,000. Mukagula katundu wa K1,200,000, ndiye kuti pa K1,000 iliyonse mwasenzetsapo K500 ya ulendo, msonkho usanabwere n'komwe. Mukagula wa K6,000,000, pa K1,000 iliyonse pakwera K100 yokha. Mpando wa basi ndi womwewo, chipinda chogona ndi chomwecho, koma woyamba uja adzakakamizika kugulitsa modula kuposa mnzake amene amakwera minibasi m'mawa kupita ku Lilongwe n'kubwerako masana. Onjezaninso sabata yathunthu imene benchi lanu lidzakhale lotseka kapena m'manja mwa mwana.

Ngati mpamba uli wochepa, palibe chamanyazi. Pitirizani kuoda ku Lilongwe, kapena yesani ku Taifa Market ku Mzuzu komwe katundu wa ku Tanzania amafikira wambiri. Njira ina ndi kusonkherana anthu atatu kapena anayi n'kutuma mmodzi. Mukatero, aliyense alembe mndandanda wake, ndalama imene wapereka ndi gawo lake la ulendo, ndipo nonse musainire pamaso pa mboni. Maubale ambiri pamsika atha chifukwa cha oda ya pakamwa.

Mapepala, ndi zinthu zosayenera kutenga

Mukufunika pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe. Mmalawi salipira viza popita ku Tanzania pa ulendo waufupi. Kachiphaso kongodumphira malire kaja n'ka anthu opita pafupi, sikangakufikitseni ku Dar. Ngati muli ndi kabuku kachikasu ka katemera, katengeni, azaumoyo pachipata amatha kukafunsa. Pitaninso ku ofesi ya MRA, bungwe lotolera misonkho, mukalembetse TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ndipo muli pomwepo funsani msonkho wa katundu weniweni amene mukufuna kubwera naye. Mutchule dzina lake: nsapato zapulasitiki, nsalu, mafoni. Mtundu uliwonse uli ndi mlingo wake, ndipo milingoyi imatha kusintha bajeti ya boma ikaperekedwa.

Funsaninso za zoletsedwa. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa m'dziko muno zinthu zingapo, monga ufa, mpunga, mkaka wamadzi, zipatso zina, machesi, mipando yamatabwa ndi ziwiya zapulasitiki. Tanzania inabwezera mwezi wotsatira potsekera zokolola zathu, mpaka maboma awiriwa anakhala pansi kukambirana. Amene anali pamsewu ndi katundu masiku amenewo anaona zakuda. Choncho musadalire zimene zinali zololedwa ulendo wa mnzanu wa chaka chatha. Mankhwala a m'chipatala asiyeni, amafuna chilolezo cha PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala. Mafuta oyeretsa khungu ndikukupemphani musawatenge ngakhale amayenda malonda, chifukwa ambiri ali ndi zinthu zowononga khungu ndi impso, ndipo amene mudzawagulitse ndi azichemwali anu omwe.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu. Anzanu odutsira pa Mchinji amakamba za njira yapafupi yolowetsera katundu ya amalonda ang'onoang'ono, ya COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kuno. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndiye musaganize kuti za ku Mchinji zikagwira ntchito pa Songwe. Maiko awirife timakumana mu SADC, ndipo kuchotseredwa msonkho kumeneko kumakhudza katundu wopangidwa ku Tanzania komweko, wokhala ndi chikalata chosonyeza komwe anapangidwira. Nsapato ya ku China imakhalabe ya ku China ngakhale mwaigula ku Dar.

Ndalama

Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Yambani msanga kufunsa ku banki kwanu ndi kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mutanyamula pasipoti ndi tikiti. Kumeneko n'komwe amapereka lisiti, ndipo lisitilo limakuyankhirani mukafunsidwa pachipata. Anyamata oyenda ndi mipukutu ya ndalama pa boda amachita zimenezo kunja kwa lamulo, ndipo akakupindirani ndalama kapena kukuikirani yachinyengo pakati, mulibe kokadandaula.

Ku Kariakoo mumalipira mashilingi. Ndalama yawo yapepala yaikulu kwambiri ndi 10,000, choncho mpamba wa katundu umakhala chimtolo. Ndi bwino kulembetsa simu ya kumeneko pashopu ya kampani ya mafoni, ndi pasipoti yanu, n'kuikamo gawo lalikulu la ndalama pa M-Pesa kapena Airtel Money. Mashopu ambiri amalandira. Yotsalayo igaweni patatu, ina m'kathumba ka m'kati mwa zovala.

Musanagule kanthu kalikonse, patulani ndalama ya msonkho ndi ya ulendo wobwerera, muiike pomwe dzanja silifika msanga. Anthu ambiri amene amagona pa Songwe masiku atatu akuimbira abale kuti awatumizire ndalama anathera ya msonkho pa katoni yomaliza ija imene inaoneka yotchipa.

Msewu

Njira zilipo ziwiri. Mutha kukwera M14 kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kukakwera basi ya ku Dar ku Devil Street. Kapena mutha kutsata nyanja pa M5, kudzera pa Kaphatenga, Benga, Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay mpaka ku Mzuzu, n'kutsetsereka pa Chiweta kukafika ku Karonga, komwe patsala makilomita ngati 45 kuti mufike pa Songwe. Nthawi ya mvula yambani mwafunsa madalaivala za M5, paja madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 anaudula msewuwu. Mukamadutsa pa Nkhotakota dziwani kuti malonda a pakati pa gombe lino ndi gombe la Indian Ocean si a lero. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pamenepo, nsalu ndi mikanda zikubwera kuchokera ku Kilwa ndi Zanzibar, minyanga ikupita, ndipo chomvetsa chisoni, anthu anzathu akupitanso ngati akapolo.

Mukawoloka mlatho wa Songwe muli pa Kasumulu. Sunthani wotchi, iwo ali patsogolo ndi ola limodzi. Samalaninso ndi kawerengedwe kawo ka nthawi: kondakitala akati basi inyamuka "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, chifukwa tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka. Muuzeni akulembereni pa tikiti. Kuchoka apo ndi Tukuyu, Uyole pafupi ndi Mbeya, Makambako, Iringa, mapiri a Kitonga, nkhalango ya Mikumi, Morogoro, Chalinze, mpaka Dar, makilomita oposa 900. Tengani juzi, ku Tukuyu ndi ku Makambako kumazizira mosiyana ndi kwathu. Mabasi ambiri amathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndithu ndi pakati pa mzinda. Mabasi a mwendokasi, amene ali ndi msewu wawowawo, amakafika ku Gerezani m'mphepete mwa Kariakoo, koma amadzaza kwambiri, chikwama chikhale kutsogolo.

Ulendo woyamba musapite nokha. Pezani munthu wa pamsika pano amene anapitako kangapo, mumulipirire ngakhale chakudya. Iye akudziwa nyumba zogona alendo zomwe Amalawi amafikira m'kati mwa Kariakoo momwemo, kuti katundu musamayende naye mtunda.

Tsiku loyamba musagule

Apa ndi pomwe pamafunika kudziletsa. Tsiku loyamba yendani ndi kope ndi cholembera basi. Msewu waukulu wa Msimbazi ukhale chizindikiro chanu mukasokera. Zitenje ndi khanga zimapezeka kwambiri mu msewu wa Uhuru, zovala mu Congo, mafoni ndi zamagetsi mu Aggrey. Chinthu chilichonse chimene chili m'kope mwanu chifunseni m'mashopu osachepera atatu, ena a pamsewu, ena a m'kati mwenimweni kapena m'mwamba. Kawirikawiri a m'kati ndi amene amakhala otsikirapo, ndipo nthawi zina wa pamsewuyo amakatenga kwa iwo omwewo.

Mudzakumana ndi mawinga, anyamata ndi atsikana amene alibe shopu koma amadziwa pomwe pali chilichonse. Amakulandirani mwansangala, amakuperekezani, ndipo pamtengo umene mwauzidwa pamakhala pali yawo kale. Si onse oipa, ena amakupulumutsani maola ambiri. Ngati mukufuna winga, gwirizanani poyera kuti mumulipira zingati pa tsiku, koma mtengo wa katundu muzikambirana ndi mwini shopu, ndalama muzipereka m'manja mwa mwini shopu.

Chiswahili sichivuta kwenikweni kwa munthu wa kuno, makamaka wodziwa Chiyao. Mawu oti muwagwire ndi ochepa. Nenani kuti mukufuna mtengo wa jumla, wopikulira, osati wa rejareja. Elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000. Kuti pasakhale kumvana molakwika, wogulitsa alembe nambala pa kakyuleta, ndipo mufunse ngati mtengowo ndi wa chimodzi, wa dazeni kapena wa katoni. Kunenerera kulipo koma pa jumla satsitsa kwambiri. Mphamvu yanu ili pa kuchuluka kwa zimene mukutenga ndi pa kuonetsa kuti mudzabweranso.

Lachisanu masana mashopu ambiri amatseka kaye eni ake akapita kumzikiti, ndipo Lamulungu ambiri satsegula. M'mashopu a kunsi kwa nthaka yang'anani potulukira musanayambe kusankha katundu. Pa 16 Novembala 2024 nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo n'kupha anthu oposa 20. Mukaona nyumba imene akuikumba pansi kapena ili ndi ming'alu, katundu yemweyo mukamupeza kwina.

Madzulo khalani pansi ndi kope. Mtengo uliwonse usandutseni makwacha, muikepo gawo la ulendo, la transipoti ndi la msonkho, kenako muyerekeze ndi mtengo umene kasitomala wa ku Salima ananena. Chimene sichikusiya phindu chifufuteni, ngakhale chikongole bwanji.

Pogula, khudzani chilichonse

Pisi ya chitenje imakhala mayadi 6, yodula zitenje zitatu. Itambasuleni yonse, osangoona pamwamba pomwe apinda. Yang'anani kuseri ngati maluwa akuoneka mofanana ndi kumaso. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi akumwa, mutikite pakona. Kakatuluka ndi utoto, chitenjecho chidzasuluka pa kuchapa koyamba, ndipo mayi amene munamugulitsa adzabwera nacho pabenchi anthu akuona.

Dazeni ya nsapato itseguleni, muwerenge mapeya, muone kuti lililonse lili ndi yakumanja ndi yakumanzere, ndipo masaizi ndi amene ali m'kope mwanu. Pindani soli, mukokeko lamba. Foni iyatseni, muimbe *#06#, nambala yotulukayo ifanane ndi ya pa bokosi. Zamagetsi ziyesedwe pomwepo, ndipo onani pulagi: ife ndi a ku Tanzania timagwiritsa ya mano atatu, koma katundu wambiri wa ku China amabwera ndi ya mano awiri. Mafulasiki asuzumireni m'kati muone ngati galasi lilibe mng'alu. Zodzola ndi mafuta onunkhira muone tsiku lothera ntchito.

Msampha waukulu uli pakati pa chitsanzo ndi katoni. Chimene amakuonetsani pashopu ndi chimodzi, koma katundu wanu amachokera kuchipinda chosungira, m'mwamba kapena msewu wina. Mayi wina amene timayala moyandikana anasankha masandasi okongola, analipira, mnyamata anatsika ndi makatoni awiri omata bwinobwino ndi tepi. Anadzawatsegulira kuno. Katoni imodzi yonse inali saizi imodzi yaing'ono, ina inali ya mtundu wina umene sanauone n'komwe. Anagulitsa motsitsa mtengo kwa miyezi kuti angobweza mpamba. Katoni iliyonse itsegulidwe inu muli pomwepo, muwerenge, aimate inu mukuona. Wogulitsa akakwiya nazo, tulukani.

Lisiti musalisiye. Ku Tanzania lamulo limafuna lisiti la makina, limene amalitcha la EFD, ndipo akuluakulu a msonkho kumeneko amatha kuimitsa munthu wonyamula katundu n'kulifunsa. Pemphaninso invoisi yolembapo dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi. Ena adzakunyengererani kuti akulembereni mtengo wotsika kuti msonkho uchepe. Kanani. A MRA amaona katundu wa mtundu womwewo tsiku ndi tsiku ndipo mitengo amaidziwa. Akakayikira amaika mtengo wawo, ndipo inu mulibenso pepala loona loti mudzitetezere nalo.

Kumanga ndi kutumiza

Omanga mabelo ali paliponse, ndi masaka awo ndi zisingano zikuluzikulu. Imani pomwepo mpaka atasoka komaliza. Pa belo lililonse lembani ndi inki yosafufutika dzina lanu, nambala ya foni ya ku Malawi, ndi "Salima, Malawi", mbali ziwiri. Lembaninso kuti ili ndi loyamba mwa anayi, ili lachiwiri mwa anayi. Jambulani. M'kope lembani zomwe zili m'belo lililonse, chifukwa pa boda akakuuzani kuti mutsegule lachitatu, muyenera kunena zili m'katimo asanadule ulusi.

Katundu wochepa amakwera nanu basi, mumalipira malinga ndi kukula kwake. Wambiri amapita ndi matransipota, amene ali ndi maofesi ku Kariakoo komweko. Funsani mafunso awa musanapereke belo: mtengowu ndi wonyamula chabe kapena ndi msonkho womwe? Ngati ndi msonkho womwe, mapepala a MRA adzalembedwa dzina la yani, ndipo ine ndidzalandira kope lake? Katundu adzatsikira ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, patatha masiku angati? Akasowa kapena kunyowa, alipira ndani? Mayankhowo alembedwe pa lisiti. Transipota musankhe amene amalonda anzanu a kuno amugwiritsapo ntchito kangapo, ndipo muwerengeretu ndalama yochotsera katunduyo ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kudzafika pa Kamuzu Road.

Pa Songwe

Dindani pasipoti mbali zonse ziwiri, kenako pitani nokha kwa a MRA ndi mndandanda ndi malisiti. Nenani zonse zimene mwanyamula. Iwo amaona katundu, amawerengera mtengo wake pamodzi ndi ndalama yonyamulira, n'kuikapo msonkho wolowetsera katundu, pa zinthu zina msonkho wapadera, ndipo pamwamba pa zonsezo VAT. Katundu akachuluka amafuna kuti mudzere kwa ejenti wokhala ndi chilolezo. Mufunseni akuonetseni chiphaso chake, ndipo malipiro ake akhale osiyana ndi msonkho. Ngati simukumvetsa momwe afikira pa nambala imene akutchula, pemphani mwaulemu kuti akufotokozereni mzere ndi mzere. Ndi ufulu wanu. Lipirani pamalo olipirira, mulandire lisiti la boma lokhala ndi dzina lanu.

Adzabwera anthu okuuzani kuti akuwolotserani katundu pamtsinje usiku, pa bwato kapena pa njinga, pa mtengo wochepa. Musayese. Mtsinje wa Songwe nthawi ya mvula umakokolola, ndipo ngakhale katundu awoloke, kutsogolo kuli malodibuloko ndi gulu la MRA loyendayenda lothana ndi ozembetsa. Akakugwirani, katundu amalandidwa, chindapusa n'kubwera pamwamba pa msonkho womwe munkauthawawo. Lisiti la msonkho lisungeni ngakhale mutafika, limatha kufunsidwa katundu ali kale pabenchi.

Kwa amayi anzanga ndi achemwali: pachipata pamapezeka anthu ofuna kupezerapo mwayi pa mayi amene ndalama yamuperewera kapena amene wafika usiku ali yekha. Yendani awiri kapena atatu, yesetsani kufika kukuwala, ndipo wina akayamba zachilendo funsani dzina lake mokweza, mupemphe kuonana ndi mkulu wa pamalopo. Bungwe la Cross Border Traders Association of Malawi lilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi, ndipo n'kothandiza kulidziwa musanayambe maulendo.

Mwafika, tsopano ikani mtengo

Musayale tsiku lomwelo. Tsegulani belo limodzilimodzi, muwerenge, mupatule zowonongeka. Phatikizani zonse zimene mwawononga kuyambira kabaza wokutengani kunyumba mpaka wokubwezani, kuphatikizapo chiwongoladzanja cha banki m'khonde ndi tikiti ya khonsolo ya pamsika, n'kuzigawa pa katundu amene ali wabwino yekhayo.

Kenako dzifunseni funso limene ambiri amalidumpha: chinthu ichi ndikadzapitanso ndidzachigula zingati? Kwacha ikamatsika mphamvu, munthu amatha kugulitsa zonse, ndalama n'kuoneka yochuluka kuposa imene anapita nayo, koma pobwerera ku Dar n'kupeza ikugula mabelo atatu m'malo mwa anayi. Choncho sabata iliyonse funsani momwe shilingi ikusinthira, ndipo mtengo wa pabenchi uzitsata mtengo wokagulanso.

Ngongole ya kumapeto kwa mwezi ndi imene imayendetsa malonda kwa aphunzitsi, anamwino ndi mabanja a asilikali, ndipo simungaikane yonse. Koma wotenga apereke theka pomwepo, mulembe m'kope iye akuona, ndipo katundu wa pangongole asapose gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene muli nazo. Zatsopano zijambuleni bwino muziike pa WhatsApp. Zimene zakhala milungu itatu osayenda pa Kamuzu Road musazisunge, pitani nazo ku kabwandire, ku Thavite, ku Siyasiya, kwa Khombedza kapena ku Chipoka, komwe maso sanazione. Ndalama ya mpamba ikalowa iikeni payokha ku banki kapena pa foni ina, osaisakaniza ndi ya ndiwo.

Manambala a mashopu amene anakupatsani katundu wolongosoka asungeni pamodzi ndi zithunzi za malisiti awo. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu ukadzatha, mutha kuyamba kuoda pa foni: amakutumizirani zithunzi, mumalipira, iwo amapereka kwa transipota wanu. Yambani ndi oda yaing'ono, katoni imodzi kapena ziwiri, ndipo muuze wogulitsayo ajambule kanema akulongedza, masaizi akuoneka, mpaka belo litasokedwa ndi kulembedwa dzina lanu.